A Dattaram ndi Lamulo la Miyezi Isanu ndi Umodzi

Mumdadada wathu wa ku Lalbaug, mumzinda wa Mumbai, munalibe munthu wodziwa malamulo a lendi kuposa a Dattaram Mayekar. Kapena ndinene zoona, munalibe wowalankhula kwambiri kuposa iwo. Sukulu analekezera sitandade sikisi, ntchito yawo inali yowomba nsalu m'fakitale, koma tonse tinkawatcha a Loya. Dzinalo ankalivomera ndi mtima wonse ngati kuti analilembera mayeso.

Mdadadawo unali wosanjikizana kanayi, banja lililonse chipinda chimodzi, mpopi ndi zimbudzi kumapeto kwa khonde. Cha a Dattaram chinali nambala 27. Bambo awo analowamo mu 1951 atapereka pagdi, ndalama yambiri imene munthu amapereka kamodzi kwa mwini nyumba polowa. Ukatero lendi imakhala yochepa, lamulo silimulola mwini nyumba kuikweza mmene wafunira, ndipo sangakutulutse popanda khothi. Ukamwalira, chipinda chimatsalira wa m'banja amene umakhala naye. Choncho a Dattaram ankalipira marupi 42 pamwezi, ndalama yosakwana nsomba za tsiku limodzi, pamene obwera kumene m'dera lomwelo ankalira ndi masauzande.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," ankatero a Dattaram akusisita chitini chawo cha mabisiketi. M'chitinimo munali risiti iliyonse kuyambira nthawi ya bambo awo, mabilu a magetsi, makalata a kuchipatala, ngakhale matikiti a basi. Kapepala kalikonse kakalowa m'chipinda nambala 27 sikankatulukanso.

Fakitale itatsekedwa, a Dattaram anapeza ntchito imene anabadwira: kukhala pakhonde, miyendo pamwamba, kugawa uphungu waulere.

"A Loya, mkanjo wakuda uja mwauyanika kuti lero?" ankatero azimayi popita kumpopi.

"Sekani, sekani. Tsiku limene alandilodi adzakutumizireni kalata mudzabwera pano mukukwawa."

Ndipo ankabweradi. Zambiri zimene ankanena zinali zoona. Usalowetse mlendo kuti azikulipira, limenelo ndi khomo lotulukira. Usagumule khoma. Alandilodi akakana kulandira lendi, itumize pa positi n'kusunga kapepala. Koma lamulo limene ankalitchula atatsitsa mawu linali limodzi: chipinda chikakhala chokhoma miyezi isanu ndi umodzi, chapita.

Limeneli sanachite kumva, analiona. A Gawde a nambala 31 anapita kumudzi kukamanga nyumba n'kukhalitsako. Alandilodi akale, a Damji Thakkar, anali munthu wa ulesi pa milandu, koma mwana wawo Kirit atatenga mdadada zinthu zinasintha. Kirit ankatuma munthu kudzajambula loko wa pa chitseko cha a Gawde mwezi ndi mwezi, n'kusonkhanitsa mabilu oonetsa kuti mita ya magetsi sinayende. A Gawde analumbira m'khothi kuti ankabwera pakatipakati, koma analibe chowachitira umboni. Mlandu unatenga zaka, mapeto ake mapoto ndi mphasa zawo zinaunjikidwa pabwalo mvula ikuwaza. A Dattaram ndi amene anawathandiza kunyamula kabati. Atabwerera kwawo tsiku limenelo anachotsa loko wawo pamsomali n'kumuponya pansi pa bedi.

Kiritinso tisamudzudzule kwambiri. Marupi 42 sagula ngakhale thumba la simenti, ndiye denga likadontha ankangokweza mapewa. Aliyense ankadziwa kuti tsiku lina omanga nyumba zitalizitali adzagula malowo, ndipo aliyense wokhala ndi risiti adzapatsidwa nyumba yatsopano ulere. Chipinda chilichonse chimene Kirit angalande tsikulo lisanafike chinali chuma m'thumba mwake. Ife tinkadikira, iyenso ankadikira, makoma n'kumanyowa.

Akazi awo a Dattaram anali mayi Sulochana, munthu wochepa thupi koma wa pakamwa pakuthwa. Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuchokera kumudzi wa kufupi ndi Malvan, ndipo zaka makumi atatu anaima pamzere wa kuchimbudzi m'mawa uliwonse atanyamula kachitini ka madzi. Sankafuna golide. Ankafuna chimbudzi chamkati, chokhala ndi chitseko chake.

"Amake Sudhir, dekhani," ankatero amuna awo. "Ndidzakulowetsani m'nyumba ya chimbudzi chamkati. Mukadzafuna muzidzagona momwemo."

"Muzidzagonamo ndinu, bambo a Sudhir, ndi chitini chanucho. Mwina mapepalawo adzapeza ntchito."

Umo ndi mmene ankakondanirana, ndipo khonde lonse linkamva.

Sudhir, mwana wawo yekhayo, anapita ku Dubai kukagwira ntchito ya zamagetsi, n'kumatumiza kangachepe mwezi uliwonse. Chaka chotsatira, mvula itagwa mosalekeza, chifuwa cha mayi Sulochana chimene chinkangobwera n'kupita chinakhazikika. Khoma la kumutu kwa bedi linali lakuda ndi nkhungu. Ankapuma ngati munthu amene wakwera masitepe, chonsecho ali chikhalire. Dokotala wa pachipatala cha boma anawayeza kangapo, kenaka anawauza mosabisa kuti mapapo awo atha mbali yaikulu, ndipo m'chipinda chonyowacho sangaone mvula zina ziwiri. Analemba kalata yoti wodwala apite kwa mpweya wabwino, ndiponso kuti pazikhala munthu womuyang'anira nthawi zonse. A Dattaram anaipinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'chitini.

"Ndiye tinyamuka liti?" anafunsa mayi Sulochana atafika kunyumba.

"Ndikuperekezani Lachisanu. Mlamu Indu alipo kumudzi, akusamalirani."

"Mundiperekeza?"

"Nanga chipinda tichisiya ndi ndani? Sudhir kulibe. Tikalowetsa wachibale, Kirit adzati tabwereketsa. Tikakhoma, mwaona nokha za a Gawde."

"Khalani miyezi isanu, mubwere mudzayatse getsi, mubwererenso."

"A Gawde sankabwera? Anawakhulupirira ndani? Chithunzi cha loko sichinena kuti mwini wake anabwera dzana. Kirit akangopeza zithunzi zisanu ndi chimodzi, basi kwatha."

"Mwafunsa loya weniweni?"

Funso limeneli linawapweteka a Dattaram kuposa mmene mayiwo ankaganizira. Anthu a m'zipinda makumi asanu ndi atatu ankabwera kwa iwo, ndiye iwo akagwade kwa kamnyamata ka tayi, n'kulipiranso? Anayankha kuti lamulo ndi lomwelo, kaya ulimve kwa wa mkanjo kaya kwa wa malaya ong'ambika. Mayi Sulochana anayamba kupinda zovala zawo.

Asanene munthu kuti a Dattaram sankawakonda akazi awo. Ine ndinawaona. Atabwerako koperekeza anaonda, ndevu zinamera mosasamala, ndipo uphungu wa pakhonde unayamba kutuluka mwaukali. Ankaphika okha mpunga ndi nyemba, n'kudyera m'poto momwemo. Masana ankasiya chitseko chotsekula, wailesi ikulira, kuti aliyense wodutsa aone ndi kumva kuti nambala 27 muli munthu. Wojambula wa Kirit akadutsa, ankamuitana.

"Bwera, jambula ine! Ndivale malaya abwino?"

Lamlungu lililonse ankapita kukaimba foni kusitolo ya kumudzi, mlamu Indu n'kuwatengera mayi Sulochana pang'onopang'ono mpaka pamenepo.

"Mkazi mnzanga ali bwanji?" ankafunsa mayiwo.

"Mkazi mnzanu uti?"

"Nambala 27. Akudya bwino? Akukhosomola?"

"Inu mumaseka, koma zonsezi ndikuchitira inu."

"Ndikudziwa, bambo a Sudhir. Ndiye n'chifukwa chake zikundiwawa."

Kumudzi ankapitako kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha masiku khumi cha mulungu Ganpati, chifukwa nthawi imeneyo theka la mdadada limakhala lokhoma ndipo palibe jaji angawerengere munthu masiku khumi amenewo. Ngakhale pamenepo ankabwereka loko kwa oyandikana nawo, wawo uja sankamutulutsa pansi pa bedi.

Ulendo wachiwiri anapeza mayi Sulochana atachepa kwambiri. Sankathanso kufika kusitolo. Ankakhala pakhonde la nyumba ya makolo a amuna awo atatsamira chipilala, kuyang'ana mitengo itatu ya mango imene apongozi awo anadzala. Masiku khumi amenewo a Dattaram anawapesa tsitsi, anawaphikira msuzi wa nsomba wa kokonati, anawathira mafuta otentha pamsana. Mlamu Indu anati sanaonepo wodwalayo akudya chonchi. Tsiku la khumi ndi chimodzi chikwama chinali chomangamanga.

"Khalani mpaka mango apse," anatero mayi Sulochana. Sananene moseka.

"Mango apsa mu Epulo. Werengani nokha, imeneyo ndi miyezi isanu ndi iwiri."

"Ine sindiwerenga miyezi. Ndikuti khalani."

"Omanga aja abwera kawiri chaka chino, ayeza ndi malo omwe. Zatsala pang'ono, amake Sudhir. Titaye zonse pano pamene tafika pakhomo?"

"Chimbudzi chija ndachikhululukira. Kuno ndimapita kuseri kwa nyumba, palibe mzere."

A Dattaram anaseka kuti asalire. Anawagwira dzanja, n'kulonjeza kuti abwera mu Epulo sabata yathunthu, adzadye mango limodzi. Basi inaliza hutala kumsewu ndipo anathamanga. Atakhala pampando anaona kuti m'thumba la malaya muli ndalama zimene anawasiyira za mankhwala. Mayiwo anazibwezamo mwakabisira kuti amuna awo adye panjira.

Foni inabwera mu Febuluwale, mango ali maluwa. Mwini sitolo ya pansi pa mdadada anakwera masitepe kudzanena kuti kumudzi akuti bwerani msanga. Pamenepo a Dattaram anachita chinthu chimene sanadzikhululukire mpaka imfa. Basi ya masana inalipo, koma linali tsiku lolipira lendi, ndipo wotolera anali asanafike. Anadikira risiti, n'kukwera ya madzulo. Ulendo wake ndi wa maola khumi ndi anayi. Anafika m'mawa n'kupeza azimayi atakhala pabwalo, mlamu Indu atafunda kumutu. Mayi Sulochana anali atatsirizika kutangotsala pang'ono kucha. Sudhir sakanatha kufika pa nthawi yake, choncho moto wotenthera mtembo, umene pamwambo wathu amayatsa mwana wamwamuna, anayatsa ndi a Dattaram. Miyambo ya masiku khumi ndi atatu itatha, anabwerera ku nambala 27.

Omanga aja sanabwerenso. Ena anabwera, anayeza, anakangana ndi Kirit, nawonso anazimiririka. Sudhir anakwatira, anagula nyumba yake kunja kwa mzinda, n'kuwapempha bambo ake kuti asamukire kumeneko.

"Chipindachi ndikusungira iwe," anatero a Dattaram.

"Bambo, mkazi wanga sangaime pamzere ndi kachitini. Ine sindichifuna."

"Amako anachivutikira."

"Amayi anavutikira inu, osati chipinda," anatero Sudhir, ndipo anakhala miyezi osalankhulana.

Komabe a Dattaram anali ndi podzitonthozera. Ankadziuza kuti sanasankhe, lamulo ndi limene linasankha. Munthu wosauka mumzinda uno ali ndi chinthu chimodzi, denga, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ankawauza zimenezi anthu pakhonde ngakhale asanafunsidwe, ndipo ife tinkavomera, chifukwa tinkaona kuti ndi ndodo yokhayo imene akuyendera.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, kalata ya khothi inafika kwa Vimal Sawant wa nambala 12, mayi wamasiye wosoka mabulauzi. Mayi ake anagwidwa ndi matenda opha ziwalo kumudzi, iye n'kukhoma chipinda, kupita kukawasamalira mpaka anamwalira. Anakhalako miyezi isanu ndi inayi. Kirit anali ndi zithunzi zake zonse. Vimal anabwera pakhonde kalata ili m'manja, maso ali psuu.

"Amalume, ndichite chiyani?"

"Mwanawe, ukanandifunsa usanapite. Miyezi isanu ndi inayi? Yamba kufunafuna kokhala. Usataye ndalama kwa maloya, angokudyera."

"Ndiye ndikanawasiya amayi afe okha?"

 A Dattaram anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza wailesi imene sinawonongeke.

Vimal sanawamvere. Anagulitsa ndolo zake n'kupeza loya wamkazi, mayi Deshpande, amene anamuuza kuti abweretse kapepala kalikonse ka kuchipatala, ndi munthu wachikulire wa mumdadada wodzachitira umboni kuti Vimal wakhalamo kuyambira kale. Wachikulire wake anali a Dattaram. Anavomera, anasita malaya oyera, ndipo kwa zaka ziwiri ankapita naye kukhothi la milandu ya lendi nthawi iliyonse mlandu ukaitanidwa. Ankapita ngati munthu woperekeza maliro, akudziwa kale mathero ake.

Tsiku la chigamulo anakhala pabenchi yakumbuyo. Jaji anawerenga mwachangu m'Chingerezi, ndipo a Dattaram sanatolepo kanthu. Anangoona loya wa Kirit akutseka chikwama mokwiya, Vimal akugwira mapazi a mayi Deshpande mothokoza. Panja, pansi pa mtengo pomwe amagulitsa tiyi, anawafunsa mayi Deshpande.

"Amayi, pepani. Zatheka bwanji? Miyezi inakwana, zithunzi zinalipo."

"Zithunzi zimaonetsa loko, bambo, sizionetsa chifukwa. Lamulo limati miyezi isanu ndi umodzi popanda chifukwa chomveka. Kusamalira mayi ako amene akufa, ndi makalata a dokotala m'manja, jaji waona kuti n'chifukwa chomveka."

"Popanda chifukwa chomveka," anabwereza a Dattaram. "Mawu amenewa awawonjezera liti?"

"Sanawonjezere. Alimo kuyambira kale, ine ndisanabadwe."

"Nanga a Gawde? Anawatulutsa ine ndikuona."

"Anapita kukatani?"

"Kukamanga nyumba kumudzi."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Munthu womanga nyumba ina ndi munthu wodwazika matenda si amodzi."

Tiyi anafika. A Dattaram anagwira kapu ndi manja awiri koma inapendekeka iwo osadziwa, tiyi n'kumatayikira pa malaya oyera aja.

"Tiyerekeze," anatero, "munthu wina, mkazi wake akudwala mapapo. Dokotala walemba kuti apite kumudzi, ndipo pakhale womuyang'anira. Mwamunayo n'kupita naye, chaka, kapena zaka ziwiri."

"Kalata ya dokotalayo ilipo? Lendi akutumiza?"

"Ilipo. Lendi sanaphonyepo."

"Za khothi munthu salumbira, bambo, koma mlandu wotere ndingaulandire ndi manja awiri. Ndani ameneyo? Muuzeni abwere, kufunsa koyamba sindilipiritsa."

"Palibe," anatero a Dattaram. "Ndimangofunsa."

Vimal ankadziwa zonse, monga tonse tinkadziwira. Anasiya kusekerera, n'kuwalanda kapu ija mofatsa.  Atafika pamdadada anthu anathamangira Vimal ndi maswiti, wina n'kukuwa kuti, "A Loya, lero mlandu mwaluza ndinu!" Khonde lonse linaseka. Ine ndinaseka nawo, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

A Dattaram analowa m'chipinda n'kutsitsa chitini chija. Kalata ya dokotala inali pomwe anaiika, pakati pa risiti ya Julayi ndi ya Ogasiti, yopindidwa kanayi, chidindo chikuonekabe bwinobwino. Zaka zonsezo chinthu chimene chikanawamasula chinali pamwamba pa kabati, mikono iwiri kuchokera pamtsamiro wawo. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma mwambiwo umanenedwa moseka, ndipo apa panalibe choseketsa. Mayi Sulochana anafunsa funso loyenera tsiku loyamba lomwe, iwo n'kuliyankha ndi matama.

Kuyambira tsiku limenelo uphungu wa pakhonde unatha. Munthu akabwera ndi kalata, ankamulembera pakapepala dzina la mayi Deshpande ndi nambala ya basi yopita kumeneko. Wina akawaitana kuti a Loya, ankayankha mwaulemu kuti dzina lawo ndi Dattaram, wowomba nsalu.

Kumayambiriro kwa Epulo anagwada n'kusolola loko uja pansi pa bedi. Anali atachita dzimbiri, moti anamunyika m'mafuta a makina a Vimal tsiku lathunthu kuti kiyi azungulire. M'mawa mwake anatuluka ndi chikwama chimodzi, anakhoma chitseko cha nambala 27, n'kukoka lokoyo kawiri kuti aone ngati wagwira. Vimal anawapeza pamasitepe.

"Amalume, mubwera liti? Tsopanotu mulibe chifukwa choti jaji angamve. Kirit akajambula, chipinda chipita."

"Ajambule. Umuuze ayambe lero, kuwala kuli bwino."

"Nanga kumudziko mukatani? Kulibe munthu, ngakhale azakhali Indu anasamukira kwa mwana wawo."

A Dattaram anasintha chikwama kuchoka dzanja lina kupita lina. Chitini cha mabisiketi sichinali m'chikwamamo, anachisiya pamwamba pa kabati.

"Anandipempha kuti ndikhale mpaka mango apse," anatero. "Ndikukaona ngati apsa."